Buku Limene Modesta Sanabe

Felista mwana wanga,

Pepa kuti ndikukuvutitsa ndi kalata pamene mutu wako uli kale pa ulendo. Ndikudziwa kuti n'zachilendo kulembera kalata mwana amene ukugona naye nyumba imodzi, woti ukhoza kungomuitana kuti akhale pamkeka. Koma umandidziwa. Ndikati ndilankhule chinthu chachikulu, mawu amandithawa. Ndayamba kulemba masana ano, iwe utapita kukameta tsitsi monga inanenera kalata ya kusukulu. Ndikuyamba ndi pensulo papepala lina, kenako n'kukopera ndi bolopeni m'mapepala apakati a kope lako lakale. Ukapeza mawu olakwika usandiseke, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6.

Za sopo, za kusamala ndowa yako, za anyamata ndi za kupemphera anakuuza kale azakhali ako Lachisanu, ndipo ananena bwino kuposa mmene ndikananenera ine. Sindibwereza. Ine ndikufuna kulankhula za mabuku ako aja, a nkhani zopeka za maiko amene kulibe ndi za anthu oyenda m'nyenyezi, amene umati fantase ndi sayansi fikishoni. Palibe wina angakulangize za amenewo, chifukwa pa laini pano, m'nyumba za antchito a esiteti ya tiyi, palibe amene amawawerengera kuti ndi kanthu. Ine ndekha ndimadziwa kuti iwe popanda mabuku amenewo umafota ngati tiyi wa mu Okutobala.

Koma ndiyambe ndanena chimene chandikhazika pansi. Modesta, mnzako uja, sanabe buku la a Madamu, aphunzitsi ako aja. Chatha chaka ndi miyezi simukupatsana moni chifukwa cha buku limenelo, ndipo mawa nonse awiri mukupita kukayamba Fomu 1 pasukulu imodzi ku Zomba, kumene sudziwa munthu wina aliyense. Sindikufuna ukafike kumeneko uli wekha chifukwa cha bodza. Ndikudziwa kuti sanabe, ndipo ndikuuza mmene ndikudziwira. Ungondilola ndiyambire kutali, dzanja lizolowere kaye.

Ukukumbuka bonya uja? Unali Sitandade 5, nthawi ya mvula, bambo ako atatha chaka ku Joni osaimbanso foni. Ndinagula bonya pamsika wa Loweruka kwa abambo aja ovala chipewa cha ubweya ngakhale kutentha. Anang'amba mapepala atatu m'buku lalikulu limene anali atakhalira, n'kundikulungira. Kunyumba ndinakhuthula bonya m'mbale, mapepala ndinaika pambali kuti ndiyatsire mbaula. Iwe unawatola, n'kuyamba kuwerenga mafuta a nsomba ali mbuu. Kenako unati, "Amayi, muli mtsikana akuweta mbuzi m'kati mwa chombo. Chombocho chikupita kunyenyezi ina, ndipo agogo ake a agogo ake ndi amene ananyamuka. Iye pansi sanapondepo." Ndinakufunsa kuti nanga mbuzizo zimadya chiyani. Unatembenuza pepala, n'kunena kuti tsamba limenelo mulibe.

Loweruka lotsatira ndinabwereranso kwa abambo omwe aja. Buku linali pomwepo, lachepako. Ndinagula bonya pang'ono, anandipatsa mapepala awiri. Loweruka linalo ndinagula kawiri, koyamba m'mawa, kachiwiri pobwerera, kuti mapepala achuluke. Ndinachita zimenezi pafupifupi miyezi iwiri. Tinkadya bonya mpaka iwe unayamba kumununkhiza m'tulo. Abambo aja anayamba kundiseka.

"Chemwali, kwanuko mwatsegula lesitilanti? Kapena mwandikonda ine, mukungonamizira bonya?"

Amayi ogulitsa tomato pafupi anaseka, ine ndinayang'ana pansi. Zimene ndinafunika kunena zinali zochepa kwambiri. Ndikanangoti, achimwene, mwana wanga akuwerenga mapepala anuwa, ndipatseni bukulo ndikubweretsereni manyuzipepala akale. Mawu amenewa ndinkawakonza njira yonse kuchokera pa laini, ndikafika pamaso pawo n'kungoloza bonya. Tsiku limene ndinalimba mtima ndinapeza akukulungira m'mapepala a kope la mwana wasukulu. Ndinafunsa motsitsa mawu kuti buku lija lili kuti.

"Buku lanji? Chibuku chija? Chinatha dzana. Bwanji osanena kale, mayi? Ndikanakupatsani, ine ndimangochitola pa mulu."

Mpaka lero sitidziwa ngati mtsikana uja anafika. Mapepala omaliza anapita m'nyumba za anthu a ku Kapichi ndi ku Chimaliro, anayatsira moto. Nthawi zina ndikamatchola tiyi ndekha kumapeto kwa mzere ndimamuganiza ndi mbuzi zake. Ndiye langizo langa loyamba ndi ili: uzifunsa, Felista. Kusukulu kumene ukupita akuti kuli laibulale. Sabata yoyamba yomweyo ukalowe, ukapeze munthu amene amasunga makiyi, ukamuuze dzina lako ndi mtundu wa mabuku amene umafuna. Usakaime pakhomo n'kubwerera. Manyazi amenewa unatengera ine, ndipo ine sanandipatse kanthu. Uzifunsa.

Kulakwa kwanga kwachiwiri unaseka nako, mwina ukukumbuka. Utakhoza kupita Sitandade 7 ndinafuna kukugulira buku lathunthu, lokhala ndi chikuto, loyamba ndi lomaliza. Ndinapita ku Limbe ndi azakhali ako kukagula nsalu, ndipo m'mbali mwa msewu ndinaona bambo atayala mabuku pansi pa pulasitiki. Ndinazungulira kawiri ndisanaime. Sindinadziwe kuti ndinene chiyani, ndiye ndinati ndikufuna buku la zinthu zosachitika.

"Zosachitika? Mayi, tengani nyuzipepala, muli malonjezo okhaokha."

Anaseka yekha, kenako anafukula pansi pa mulu, n'kutulutsa buku lonenepa lokhala ndi chithunzi cha mzinda womangidwa pamwamba pa mitengo. Ndinaliyang'ana mosamala monga ndimayang'anira malaya a pa kaunjika. Ndinaona kuti silinanyowe, chiswe sichinadye, tsamba lomaliza lilipo. Ndinalikulunga m'chitenje njira yonse. Unalumpha ndi chimwemwe, unatsegula, ndipo unayamba kundimasulira monga unkachitira. Tsamba loyamba linali maliro. Anthu onse a m'bukumo akulira munthu wina wamkulu, mayina akungogwa ngati mvula, wina akulumbira kuti abwezera, wina akuti zonsezi n'chifukwa cha zimene zinachitika pa mlatho. Ife mlathowo osaudziwa. Unati, "Amayi, tafika pamaliro a munthu wosamudziwa, ndipo palibe wotiuza kuti tikhale mbali iti."

Unapita nalo kwa a Madamu Khoromana, aphunzitsi ako a Chingerezi. Iwo ndi amene anakuonetsa kanambala kakang'ono pamsana pa buku. Inali 3. Anati mabuku a mtundu umenewu ambiri amabwera ngati ana a mimba imodzi, woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo nkhani yake ndi imodzi. Ine ndinagula chitsirizira. Choncho ukamasankha buku, kaya ku laibulale kaya kwa ogulitsa a mumsewu, uyang'ane pamsana ndi patsamba loyamba m'kati ngati pali nambala. Uyang'anenso tsamba lomaliza ngati lilipo, koma usaliwerenge. Ukapeza lachiwiri lokha, usalisiye, ulembe dzina lake m'kope ndipo ufunse atsikana a Fomu 3 ndi Fomu 4. Loyambalo limakhala lili m'sutikesi ya munthu wina. Uzifunsa, mwana wanga, ngakhale kwa akuluakulu amene akuoneka olusa.

Kulakwa kumeneku kunabala zabwino, n'chifukwa chake sindikuchita nako manyazi kwambiri. A Madamu ataona kuti mayi wotchola tiyi wapita mpaka ku Limbe kukagula buku lotere, anakutengani iwe ndi Modesta ku kachipinda kosungira makasu kusukulu kuja. Munali makatoni awiri a mabuku amene anthu ena akunja anapereka kalekale. Palibe anawatsegula chifukwa sanali a mayeso. Munawapukuta fumbi ndi ndowe za mphemvu, ndipo a Madamu anayamba kukubwerekani limodzilimodzi kuti muzipita nalo kunyumba. Usaiwale zimenezi. Mabuku amene umawakonda kawirikawiri sakhala pa shelefu yapamaso. Amakhala pansi, kumbuyo, m'katoni imene wina anati ndi yopanda ntchito. Ukafunse ngati kusukulu kwanuko kuli makatoni otere, ndipo udzipereke kuwapukuta.

Chaka chimenecho ndi chimene ndinakhala bwino kwambiri chichokere bambo ako. Sindinakuuzepo. Ndinkaweruka msana ukuwawa ndi dengu, zala zitachita dzanzi ndi chiperoni, koma ndinkafulumira panjira podziwa kuti ndikapeza iwe ndi Modesta pakhonde mukulimbirana buku. Inu mukuwerenga Chingerezi, n'kumandimasulira mosinthana ine ndikusenda chinangwa. Modesta ankasintha mawu, loboti ankailankhulitsa ngati a kapitawo athu akamaitana mayina pa sikelo, mpaka ndinkaseka misozi. Iwe unkakwiya kuti akuwononga nkhani. Kumunda anzanga amacheza za maukwati ndi za ku chipatala, ine ndimangomvetsera, sindidziwa polowera. Koma m'mutu mwanga munali mizinda ya pansi pa nyanja ndi anthu okhala ndi miyezi iwiri kumwamba. Ndinali ndi kwina kopita.

Tsopano ndafika pa buku la chinjoka. Ndanola pensulo kawiri ngakhale inali yakuthwa kale.

Unabwera nalo uli Sitandade 7, teremu yomaliza. Pachikuto panali chinjoka chamapiko, maso ofiira, chitazinga phiri. A Madamu anakuuza kuti limeneli si la m'katoni, ndi lawolawo, anawapatsa mchemwali wawo amene anamwalira, ndipo akukubwereka chifukwa amakukhulupirira. Munandiwerengera mpaka pakati. Ndikukumbuka bwino. Chinjokacho chinali chokalamba, chakhungu diso limodzi, ndipo chinkatunga madzi kumitambo n'kumakathira m'chitsime cha mudzi usiku anthu osadziwa. Anthu a m'mudzimo ankati ndicho chikumwa mvula yawo, ndipo ankasula mikondo. Mtsikana mmodzi yekha ndiye anaona zoona. Tinalekezera pamene amuna ananyamuka kupita kuphiri.

Lachinayi la sabata imeneyo kunabwera amayi atatu a gulu lathu la kutchalitchi kudzandiona, chifukwa ndinali nditajomba kawiri. Sindikutchula mayina, umawadziwa, ndipo sanabwere ndi mtima woipa. Buku linali pampando. Amayi aakulu mwa atatuwo analinyamula ndi nsonga za zala, n'kulitembenuza.

"Amake Felista, ichi n'chiyani m'nyumba ya Mkhristu?"

Ndinati ndi buku la kusukulu.

"Kusukulu amaphunzitsa chinjoka? Inu simuwerenga za chinjoka m'Baibulo? Zimayamba chonchi, mayi. Lero chithunzi, mawa mwana akuuluka usiku. Ndiye inu muli nokha, mulibe bambo m'nyumba, anthu akayamba kulankhula adzakuikirani kumbuyo ndani?"

Wina mwa iwo anawonjezera kuti anamva kale pa mjigo kuti pakhonde panga ana amalankhula mawu achilendo ndi kutchula mayina osadziwika. Anapemphera, ndinawaperekeza mpaka pa msewu wa thirakitala, ndipo potsanzikana amayi aakulu anandigwira dzanja n'kunena kuti akudziwa kuti ndichita choyenera.

Felista, ndikufuna umvetse bwino apa. Ine nkhani ya m'bukumo ndinkaidziwa. Ndinkadziwa kuti mulibe ufiti, kuti chinjokacho chinali ndi chifundo kuposa anthu a m'mudzimo. Ndikanatha kuwakhazika pansi amayi aja n'kuwafotokozera mmene munkandifotokozera inu. Sindinaope chinjoka. Ndinaopa anthu. Ndinaona m'maganizo mwanga akazi akusuntha zidebe zawo ine ndikafika pa mjigo, ndinaona benchi ya kutchalitchi ili ndi ine ndekha. Munthu amene ali kale yekha amaopa kwambiri kutsala yekha.

Loweruka ndinali kuphika kalongonda, nyemba zolimba zija. Ukudziwa kuti amafuna moto wa tsiku lonse ndi kusintha madzi kangapo. Iwe unapita kuchigayo. Modesta anabwera kudzakufuna, anakhala pang'ono m'nyumba kukudikira, kenako anapita. Atangochoka ndinatulutsa buku pansi pa pilo wako. Ndinayamba ndi chikuto. Buku lonenepa silipsa msanga, limangofuka, ndiye ndinkang'amba pang'onopang'ono n'kumasonkhezera pansi pa mphika. Linatha lonse madzi achitatu asanawire. Phulusa ndinakataya kudzala, n'kuthirapo makoko.

Utabwera unafufuza paliponse, mpaka m'thumba la ufa. Kenako unandifunsa. Ndikanangonena kuti sindinalione, likanakhala bodza limodzi. Koma ndinaona nkhope yako, ndinaopa kuti uona m'maso mwanga, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu awa: "Kaya. Koma Modesta anabwera, anakhala m'nyumba muno." Sindinanene kuti waba. Ndakhala ndikudzitonthoza ndi zimenezo chaka chonse, kuti sindinanene kuti waba. Koma ndinakuloza njira, ndipo iwe unaitsata. Madzulo amenewo unadya kalongonda uja ukulira, ine ndikukuuza kuti udye, lipezeka.

Zotsatira ukuzidziwa kuposa ine. Unamupeza pa mjigo anthu ali pamzere, unamutcha wakuba. Iye anakhuthula chikwama chake pansi, makope anagwera m'matope, koma dzina linamumata. Kusukulu ana ankabisa mabolopeni iye akamadutsa. A Madamu sanakukalipire, anangoti zachitika, koma kuyambira pamenepo anatseka kachipinda kaja, ndipo palibe mwana anapitanso ndi buku kunyumba. Ana onse a pasukulu paja ndinawatsekera ine. Iwe unasiya kuwerenga mokweza. Pakhonde panangoti zii. Amayi a kutchalitchi anandiyamikira kuti nyumba yanga yadekha, ndipo ndinakhala nawo pa benchi, pakati penipeni, ndili ndekha kuposa kale.

Kangapo ndinafuna kukuuza. Tsiku limene zotsatira za mayeso zinatuluka ndinatsegula pakamwa, koma unali kuvina ndi azakhali ako, ndinati ndisawononge tsiku. Nthawi zonse pamakhala tsiku loti munthu asaliwononge.

Poyamba papepala la pensulo ndinalemba kuti ukapeza buku lokhala ndi chithunzi choopsa uzilikuta ndi nyuzipepala kuti anthu asaone. Ndafufuta. Ulikute ngati ukuopa fumbi, koma osati chifukwa cha anthu. Kusukulu kumene ukupita adzapezeka ena onena zomwe ananena amayi aja, mwina mnzako wogona naye chipinda, mwina a matironi. Usakangane nawo ndipo usawanyoze, chifukwa mantha awo ndi enieni. Uwauze nkhaniyo. Uwauze kuti muli ndani, akufuna chiyani, chikumuvuta n'chiyani. Munthu akamva kuti m'bukumo muli mtsikana wofuna kupulumutsa mudzi wake, amaiwala chikuto n'kufunsa kuti kenako chinachitika n'chiyani. Ndipo ngati buku lina likukusowetsa mtendere iwe mwini mumtima, ulitseke, ukalibweze kwa mwini wake lili lathunthu. Kubweza ndi kololedwa. Buku la munthu ulisunge ngati mwana wa munthu.

Usaiwalenso kuti unapita kukaphunzira. Ndikukudziwa, ukalowa m'nkhani sumva ngakhale mphika ukupserera. Masamu ayambe, chombo chidikire. A Madamu ankanena kuti Chingerezi chako chinakula chifukwa cha mabuku amenewa, ndiye sindikuti uwasiye, ndikungoti uziwapatsa nthawi yawo.

Lero m'mawa titatuluka m'tchalitchi ndinakuuza kuti utsogole, ndikukaona wodwala. Ndinapita kwa amake Modesta. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusita yunifolomu ndi simbi yamakala. Anadabwa, chifukwa chaka chonsechi timatchola mizere yoyandikana osayang'anana. Anandipatsa mpando, ndinakana, ndinakhala pansi. Ndinanena zonse ndikuyang'ana mapazi awo. Sanandidule mawu. Nditamaliza anaika simbi pamwala, n'kutembenukira kwa ine.

"Chaka chathunthu, amake Felista. Mwana wanga ankabwera kuno akulira, akukana kupita kusukulu, ine n'kumamukwapula kuti anene kumene wabisa buku. Ndinamukwapula ine, mayi wake. Inu muli apo, mukutimva."

Ndinati ndinkamva.

"Ndiye mwabwera lero chifukwa mawa akupita? Mwaona kuti wanu akasowa womugwirira malo pamzere wa chakudya?"

Ndinafuna kukana, koma ndinaona kuti mbali ina akunena zoona, ndiye ndinati inde, ndi chifukwa chimenecho, komanso chifukwa ndatopa. Pamenepo Modesta anatuluka m'nyumba. Anali atamva zonse. Watalika, Felista, sindinamuyang'anitsitse kwa nthawi yaitali. Sanalire. Anandifunsa mwaulemu ngati iwe ukudziwa. Ndinati ayi.

"Ndiye mwayambira kolakwika, amayi. Ine ndimadziwa kale kuti sindinabe. Kamuuzeni iyeyo."

Amake anandiperekeza mpaka pa nthochi zokha. Anati, "Pitani. Ine ndi inu tidzalankhula ana akapita, lero ayi." Sanandikhululukire, ndipo sindinayembekeze kuti atero. Lachiwiri ndikaweruka ndipita kwa a Madamu Khoromana. Buku la mchemwali wawo sindingalibweze. Ndikangowauza kumene linapita, ndi kuwapempha kuti atsegulirenso ana kachipinda kaja, chifukwa ana sanalakwe. Akandithamangitsa, ndiye kuti andithamangitsa. Amayi a kutchalitchi nawonso amva, pa laini pano nkhani sigona. Ndikuopa, koma ndipita.

Modesta anati ndikuuze, ndipo njira imene ndingathe ndi ino. Ndikudziwa kuti munthu wolimba mtima akanakudikira ubwere kometa n'kukuuza pamaso. Ndayesa kuyerekeza, ndalephera. Kalatayi ndikupatsa mawa pa siteji, ndipo ndikupempha kuti uitsegule minibasi ikadutsa Bvumbwe. Pepa kuti ngakhale pano ndikubisala kumbuyo kwa pepala.

Tsono langizo langa lomaliza, limene ndi lalikulu kuposa onse. Mabuku amenewa sapezeka ndi munthu mmodzi. Wina amamva kuti ku hositelo ina kuli loyamba, wina amadziwa mphunzitsi amene ali nawo ambiri mu foni, wina amabwera nalo kuchokera kutchuthi. Amayenda m'manja mwa anthu okhulupirirana. Iwe unali naye munthu wotero, ndipo ndinakulanda. Mawu aja a pa mjigo ndinakuika m'kamwa ndine, koma anatuluka pakamwa pako, anthu akumva, ndiye kupepesa kwako kukufunikabe. Usadikire kuti ayambe iyeyo, wadikira kale mokwanira. Usadikirenso tsiku labwino. Amake anandiuza kuti mukwera minibasi imodzi mpaka ku Limbe, choncho pamene ukuwerenga mawu ano iye ali pafupi, mwina mpando wakumbuyo kwako. Akakana kukuyankha, umusiye, mawa lake uyesenso. Ali ndi ufulu wokwiya nthawi yaitali.

Iwenso uli nawo ufulu umenewo pa ine. Sindikupempha kuti undikhululukire msanga. M'nyumba muno kuyambira mawa mukhala ine ndi wailesi, ndipo zimenezo ndazivomera, mwana amayenera kupita. Chimene sindingathe kupirira ndi kusadziwa, kumatchola tiyi tsiku ndi tsiku ndikudzifunsa ngati ndikadali ndi mwana woti adzabwera pa tchuthi n'kukhala pakhonde.

M'thumba la m'mbali mwa chikwama ndaikamo envelopu yomata kale sitampa, ndalembapo keyala ya ku ofesi ya esiteti, a kalaliki amandidziwa. Chonde undiyankhe msanga, sabata yomweyi ngati ungathe. Undiuze ngati mwalankhulana ndi Modesta. Zina zonse zikhoza kudikira. Ngakhale mzere umodzi, ngakhale wokalipa, ndidzauwerenga. Ngati dzanja lako likana kulemba kuti Amayi pamwamba, ungoyamba popanda moni. Ndidzadziwa kuti ndiwe.

Ndine mayi ako,
Enelesi